Nkhokwe ya Makona Anayi

Achimwene anapita ku Joni ine ndili chaka chomaliza ku koleji ya zauphunzitsi. Ankati akakhalako zaka ziwiri zokha, akagule malata ndi njinga yamoto n'kubwerera. Anapeza ntchito yoyendetsa galimoto yogawa buledi m'masitolo, anakwatira mkazi wa komweko, ndipo zaka ziwiri zija zinangopitirira. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi. Mwanayo anakula akulankhula Chingerezi ndi chilankhulo cha amayi ake. Pa Chichewa ankadziwapo mawu awiri, "agogo" ndi "zikomo".

Ine ndimaphunzitsa sitandade 3 pasukulu ina ya pulayimale kudera la Kapondo. Bambo atamwalira, amayi anasiya mudzi wathu ku Dambe n'kubwera kudzakhala nane m'nyumba ya aphunzitsi. Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi, achimwene ankaimba foni ya vidiyo. M'nyumba sizinkatheka, chifukwa foni ikangolowa pakhomo inkalumphira ku netiweki ya ku Zambia, ndiye tinkayala mphasa kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi, pomwe pankagwira bwino. Amayi ankalankhula ndi mwana wawo mpaka kukhutira: za mvula, za feteleza, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa. Kenako achimwene ankaitana mwana uja kuti adzapereke moni.

"Agogo," ankatero mwanayo, akugwedeza dzanja.

"Eee, mnzanga, waswera bwanji? Kusukulu ukupita?"

"Zikomo."

Zikatero onse awiri ankangoyang'anana n'kumamwetulira, mpaka mwana atatopa n'kuchoka. Amayi ankandibwezera foni. Tsiku lina ali mkati mosenda mtedza anati, "Ana ndi a kuchikazi, ine sindikudandaula ayi." Ndinadziwa kuti akudandaula.

Ndinawapempha achimwene kuti azindipatsa mwanayo Loweruka lililonse masana, theka la ola, ndizimuphunzitsa. Nthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinakonzekera monga ndimachitira ndi ana anga a m'kalasi. Ndinadula katoni m'zidutswa, ndinalembapo a e i o u, ndinajambula mbale, mpando ndi galu. Ndinkakweza chidutswa kutsogolo kwa foni, nditchule mawu, iye abwereze. Ankabwereza ndithu, mwaulemu, koma ikafika sabata yotsatira zonse zinali zitauluka. Loweruka lachitatu ndinaona kuti maso ake sakuyang'ana ine. Ankangotsikira pansi, ndipo mapewa ankagwedezeka pang'ono ngati a munthu amene manja ake ali pantchito.

"Achimwene," ndinaitana, "mwanayu ali ndi chiyani pamiyendo?"

Achimwene anaseka mwamanyazi n'kutembenuza foni. Pamiyendo pa mwana panali tabuleti. Pagalasi pake ndinaona dziko lachilendo: udzu, mitengo, mapiri, ng'ombe, zonse zopangidwa ndi timabokosi ta makona anayi. Ngakhale dzuwa linali la makona anayi. Achimwene anati ndi masewera amene ana onse kumeneko apenga nawo. Mulibe kugoletsa zigoli kapena kupambana mnzako. Umangokumba dothi, kudula mitengo, kuswa miyala, zimenezo n'kumangira chilichonse chimene ukufuna.

Ndinali nditapsa mtima, ndipo ndinkafuna kunena kuti amulande. Koma mwanayo anali atakweza kale tabuleti ija kufupi ndi foni kuti ndione nyumba imene ankamanga, ndipo nkhope yake inali yowala kusiyana ndi mmene ndinkaionera masabata onse aja. Ndinaloza ndi chala ngati kuti angaone pomwe ndikuloza.

"Icho n'chiyani? Chofiirira icho?"

Bambo ake anamumasulira. Iye anayankha m'Chingerezi.

"Chitseko," ndinatero ine.

"Chitseko." Anadina penapake, pambali n'kutulukira china. Anandiyang'ana.

"Zitseko. Zitseko ziwiri," ndinamuuza.

Anaika chachitatu, chachinayi, akuseka, mpaka khoma lonse linadzaza zitseko, ine ndikuwerenga. Theka la ola linakwana ife osadziwa, ndipo tinalekezera pomwe bandulo yanga inathera. Loweruka lotsatira, ndisanamufunse n'komwe, anakweza tabuleti n'kufuula, "Azakhali, zitseko!"

Makatoni aja ndinawapititsa kukalasi. Tinagwirizana kuti achimwene azitsamiritsa foni pabotolo la shuga kuseri kwa phewa la mwana, moti ine ndinkaona tabuleti yonse ndi kachidutswa ka tsaya lake. Ine ndinkalankhula Chichewa chokha, iye n'kumanga zimene wamva. Bambo ake tinawaletsa kumasulira. Ubwino wake unali woti akalakwa, cholakwacho chinkaoneka ndi maso. Ndikati "ika nkhuku m'khola" iye n'kuiika padenga la khola, ndinkangofunsa kuti, "Nkhuku ili kuti?" Ankayang'ana, n'kudziseka yekha. Timawu titatu, pa, ku ndi mu, timene sindikanatha kumufotokozera m'Chingerezi changa, anatigwira m'masabata ochepa, chifukwa nkhukuyo inkakhala pakhola, kukhola kapena m'khola iye akuiona. Kumanja ndi kumanzere zinamuvuta nthawi yaitali, ndipo nthawi zina wosokonezeka ndinkakhala ine.

Foni yanga ndinkaitchajitsa Loweruka m'mawa pa tredingi senta, pasitolo ya bambo wina wachisilamu amene ali ndi sola yamphamvu. Atamva chifukwa chimene ndinkaumirira kuti idzaze, ankandifunsa sabata iliyonse kuti mwana wa ku Joni wafika pati. Iwo ndi amene anandiuza kuti ndimumangitse sitolo, chifukwa mwana wosadziwa kupempha mchere ndi sopo sangatumidwe. Tinamangadi sitolo, ya khonde lalitali ngati yawoyo, ndipo mwana anaumirira kuti ikhalenso ndi mphaka.

Titamanga sitolo, mlatho ndi chitsime, nzeru zinandithera. Loweruka lina ndinangoyamba kumuuza kuti amange nyumba ya zipinda zitatu, khonde kutsogolo, khitchini payokha kumbuyo, bafa la udzu pakona. Sindinaganize n'komwe kuti ndikumangitsa chiyani. Amayi ndi amene anazindikira. Anali pamphasa pomwepo, atandifulatira, akusankha nyemba m'lichero.

"Chitseko sichinkayang'ana kumsewu," anatero osatembenuka. "Chinkayang'ana kum'mawa. Bambo ako ankadana ndi fumbi."

Apo m'pamene ndinaona kuti ndikumangitsa nyumba yathu ya ku Dambe, imene ndinabadwiramo, imene inagwa ndi mvula patangotha chaka amayi atachokamo.

Amayi anaika lichero pansi, anandituma magalasi awo, n'kusendera pafupi. Kuyambira tsikulo phunziro linakhala la anthu atatu. Amayi sankadziwa kulankhula pang'onopang'ono. Ankangolamula ngati akulamula aganyu kumunda, ine n'kumadula mawu awo m'zidutswa kuti mwana amve. Komabe ndinaona kuti mwanayo ankatchera khutu kwambiri akamalankhula iwo kuposa ndikamalankhula ine.

Vuto linabuka pa nkhokwe. Ndinamufotokozera kuti ndi mosungira chimanga, imakhala m'mwamba pang'ono kuti chiswe chisalowe, ndipo ili ndi denga la udzu. Anamanga mwachangu n'kutionetsa monyadira. Amayi anayandikitsa nkhope pafoni.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Nkhokwe, agogo."

"Nkhokwe ya makona anayi ndinaionapo kuti ine? Chimenechi ndi chimbudzi."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti m'dziko limenelo mulibe chinthu chozungulira, ngakhale dzuwa limene. Amayi anati za dzuwa ndi za eni akewo, koma iwo chimanga chawo sangachiike m'chimbudzi. Mwana anafunsa kuti "chozungulira" n'chiyani. Ndinamuonetsa lichero, ndikuyendetsa chala m'mphepete mwake. Ataona, anagumula zonse. Achimwene anandiuza pambuyo pake kuti sabata yonseyo akabwera kusukulu ankangomanga n'kugumula, kumanga n'kugumula. Loweruka anationetsa chinkhokwe chachikulu kuposa nyumba. Anali atapeza yekha kuti ukachikulitsa, n'kumasuntha timabokosi pang'onopang'ono, makona aja amabisala. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chimanga chodzaza mmenemu sitinalimepo," anatero. "Koma ndi nkhokwe."

Achimwene nawonso analephera kupirira. Ankamvetsera ali kukhitchini, ndipo titafika pa mtengo wa mango anabwera n'kunena kuti unali kumanja kwa khola. Ine ndinati kumanzere. Tinakangana ngati ana, iwo ali ku Joni ine ndili kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi, uyu "bodza", uyu "bodza ndi lanulo", mpaka amayi anati tonse tikunama, mtengowo unali kuseri kwa bafa. Mwana ankamvetsera zonsezo. Loweruka lotsatira amayi atanena kuti khitchini inali ndi zenera limodzi, iye anayankha mokweza ndi mosangalala, "Bodza iwe!"

Achimwene anamukalipira ali chapatali. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinachita manyazi, chifukwa wolakwa ndinali ine. Miyezi yonseyo mwana ankangomva "iwe", "ika", "tenga", poti ndi mmene tonse tinkamulankhulira. Tsiku limenelo sitinamange kanthu. M'masewerawo muli tianthu ta mphuno zazitali tongoyendayenda, tina tatikulu tina tating'ono. Tinasankha kamodzi kuti kakhale agogo, kena kakhale mwana. Akafika pa kakang'ono ankati, "Iwe, bwera kuno." Akafika pa kakakulu, "Agogo, bwerani kuno." Tinabwereza mpaka zinalowa. Pomaliza anatembenuzira nkhope yake kufoni.

"Pepani, agogo."

"Palibe kanthu, mnzanga," anatero amayi. "Mwinanso linalidi bodza. Ndikuona ngati mazenera anali awiri."

M'dziko la masewerawo mumada msanga, ndipo kukada kumatuluka zilombo. Pali china chobiriwira chimene chimabwera mwakachetechete n'kuphulika ngati bomba. Mwana ankadziwa kuzipewa, koma tsiku lina anatanganidwa ndi denga la khitchini osayang'ana kumbuyo. Tinangomva phuu, chithunzi n'kugwedezeka, ndipo mbali imodzi ya khola inasanduka dzenje. Ng'ombe zimene anaziweta kwa masabata angapo zinatuluka n'kubalalika.

"Azakhali! Khola laphulika! Ng'ombe wathawa, wathawa onse!"

Palibe amene anamuuza kuti anene zimenezo. Aka kanali koyamba kumumva akulankhula Chichewa chochokera mwa iye mwini, osati chobwereza. Misozi inali pafupi. Uphunzitsi unandikwera kuti ndimukonze, ndimuuze kuti timati "zathawa zonse", koma amayi anandigwira bondo.

"Usalire," anatero, ndipo ulendo uno analankhula pang'onopang'ono. "Zathu zinabedwa, zinaoloka malire, sitinazionenso. Zako zili pompo. Ina ndikuiona apo, kuseri kwa mtengo. Pita ukazikuse."

"Kukusa?"

"Kuzibweza. Kuzibweretsa kunyumba."

Mwana anapukuta mphuno. Ng'ombe za mmenemo zimatsatira munthu amene wanyamula tirigu, ndiye anatenga tirigu m'manja n'kuyamba kuzilondola imodziimodzi, amayi akumuuza kumene ina yabisala. Pofika pa yachisanu ndinamumva akunong'ona yekha, "Zabwera. Zabwera."

Nzeru imeneyi ndinayesa kuitengera kukalasi langa pa phunziro la Chingerezi. Matabuleti tilibe, ndiye ndinauza ana kuti abweretse zidutswa za njerwa, zitsononkho ndi timitengo. Ndinkalamula m'Chingerezi, iwo n'kumanga pansi m'magulu. Tsiku loyamba zinayenda bwino. Tsiku lachiwiri anayamba kugendana ndi zitsononkho, ndipo aphunzitsi aakulu anabwera kudzafunsa ngati m'kalasi mwanga mwalowa njoka. Ndimachitabe apo ndi apo, koma panja, ndipo njerwa ndinaziletsa.

Achimwene, alamu ndi mwana anabwera kwathu ku Kapondo mu Disembala wa chaka chotsatira, pa basi ya masiku awiri. Ndinakawachingamira ku boma. Ndinali nditauza aphunzitsi anzanga onse kuti mwana wa achimwene amalankhula Chichewa, ndiye anthu anabwera kudzamuona. Mwana anabisala kumbuyo kwa amayi ake. Akamupatsa moni ankangoyang'ana pansi. Masiku awiri athunthu sanatulutse liwu la Chichewa, ngakhale kwa agogo ake, amene ankangomusisita mutu osamukakamiza. Ndinazindikiranso kuti Chichewa chimene ndinamuphunzitsa chinali cha mmisiri. Ankadziwa nsanamira, phaso, njerwa ndi mpanda, koma sankadziwa kunena kuti wakhuta, kapena kuti madzi osamba atentha kwambiri.

Tsiku lachitatu kunabwera bambo wina wachikulire amene amatifolerera khitchini, chifukwa inkadontha pomwe pali mafuwa penipeni. Anakwera padenga, mwana ataima pansi akuonerera, manja ali kumbuyo. Ine ndinali kutsuka mbale. Patapita kanthawi ndinamva kamawu.

"Agogo, ikani udzu kumanja. Pali bowo. Ayi, pamwamba pang'ono."

Bambowo anasuzumira pansi. "Aphunzitsi, kapitawo ameneyu mwamutenga kuti?"

Koma bowo linalipodi, ndipo anaikapo udzu. Anamuuza kuti aziwaponyera luzi, ndipo anagwira ntchito limodzi mpaka masana, wina akulamula ali pansi, wina akuyankha ali padenga. Kuchokera pamenepo pakamwa panatseguka. Ana a aphunzitsi anzanga anamutenga, ankapita naye kumjigo ndi kukatola mango, ndipo pofika sabata yachiwiri ankadziwa mawu ena amene ine sindikanamuphunzitsa ngakhale atandipempha.

Iye ndi amene anapempha kuti tipite ku Dambe. Achimwene ankazengereza, ine ndinamuchenjeza kuti nyumba kulibe. Anati akudziwa. Tinapita pa njinga zamoto za kabaza, amayi atakhala chammbali, atagwiritsitsa malaya a woyendetsa. Pamalo pathu msuweni wathu analimapo soya. Pomwe panali nyumba panatsala kachulu ka dothi lofiira ndi miyala ingapo. Mwana anayenda pakati pa mizere mosamala kuti asaponde mbewu, akuwerenga mapazi. Anaima nati, "Khonde." Anayendanso. "Khitchini." Amayi ankavomera ndi mutu, nthawi zina n'kumulozera ndi ndodo kuti asendere pang'ono. Achimwene anapita kukaima kumapeto kwa munda, atatifulatira, kwa nthawi ndithu. Alamu, amene sankamva zimene zinkanenedwa, anawatsatira n'kukaima nawo pomwepo. Pobwerera mwana anati malowo ndi aang'ono. Amayi anati inde, anali aang'ono kuyambira kale.

Atabwerera ku Joni tinapitiriza kwa miyezi ingapo, koma masewera aja anayamba kumutopetsa. Anali akukula, ndipo anzake anali atayamba zina. Tsiku lina anati tabuleti ilibe moto, tingocheza. Tinachezadi, ndipo sitinabwererenso kukamanga. Ine sindinadandaule kwenikweni, ngakhale amayi anafunsa kangapo ngati ng'ombe zija pali amene akuzidyetsa.

Pano ali ku sekondale. Amaimba yekha pa foni yake, ndipo amacheza ndi agogo ake za tsitsi, za mnyamata wina wovuta m'kalasi mwawo, za kaphikidwe ka futali. Chichewa chake n'chotsimphina. Amasakaniza ndi Chingerezi, ndipo mawu ena amawatchula mokhota moti amayi amatembenukira kwa ine kufunsa kuti wati chiyani. Ine ndinasiya kumukonza pokhapokha akafunsa.

Mwezi wathawu alamu anandiimbira okha, zimene sachitachita. Titapatsana moni m'Chingerezi, anatsitsa mawu. Anati masiku ano bambo ndi mwana amakonda kulankhulana Chichewa pa chakudya n'kumaseka, ndipo pali mawu ena amene amawamva kawirikawiri. Anali atawalemba papepala mmene anawamvera, ndipo anandiwerengera pang'onopang'ono: "Musawauze amayi."

Ndinayamba ndaseka kaye, kenako ndinawauza tanthauzo lake. Nawonso anaseka. Ndiye anandipempha kuti ndiwaphunzitse kunena kuti "ndamva zonse". Tinabwereza kanayi mpaka anakhoza.